Mlungu Umene Ndinasunga Mankhwala a Azakhali

Azakhali anga, mchemwali wa bambo, ananditenga kuchoka ku Malawi kupita nane kutsidya kwa nyanja ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, mayi anga atangomwalira. Bambo anali atatsogola kale. Pa mapepala analembetsa kuti ndine mwana wawo, ndipo tisanatuluke pa eyapoti anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndiziwaitana kuti mami. Kwathu ankati ndachita mwayi. Mpaka lero alipo amene amatero.

Nyumba yawo inali ya zipinda zinayi ndipo ankakhalamo okha. Ine anandipatsa matiresi m'chipinda cha pansi penipeni, pambali pa makina ochapira zovala. Ankagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala, ndipo kumeneko ankawakonda. Ku tchalitchi chathu, chimene chinkasonkhana mu holo yobwereka m'tauni ya Bowie, Amalawi ndi Azambia pamodzi, anali mtsogoleri wa amayi. Maliro akagwa, woyamba kufika ndi mapoto anali iwo.

Ndikalakwa, monga kupsereza ndiwo, kusiya madontho pagalasi la m'bafa kapena kuwayankha m'Chingelezi, ankamwaza mpunga wosaphika pa simenti ya m'chipinda changa n'kundigwaditsa pamenepo, manja m'mwamba. Nthawi ankaitchera pa wotchi ya uvuni, mphindi makumi anayi. Ikalira ndinkadzuka, kuzula mpunga umene walowa m'khungu, n'kusesa wotsalawo. Milandu ikuluikulu inali ya waya wa ayironi, ndipo ankadziwa pomenya pamene malaya amabisa. Mawondo okha ndiwo anawaiwala.

Mphunzitsi wa zamasewera anawaona tsiku lina nditavala kabudula. Sanandifunse zambiri. Anaimbira foni a boma oteteza ana, monga lamulo limamuuzira. Iwo anaimbira azakhali kuwadziwitsa kuti abwera Lachinayi. Tinali ndi masiku awiri. Ndinakolopa nyumba yonse ndekha, ndinanyamula zovala zanga kupita nazo m'chipinda cha alendo, ndipo azakhali anandigulira chidole chachikulu n'kuchikhazika pa pilo.

Anabwera mayi wachitsikana, waulemu kwambiri. Anavula nsapato pakhomo asanauzidwe. Anayamikira chitenje chimene azakhali anapachika pakhoma. Azakhali anandituma madzi, ndipo ndinabwera nawo n'kugwada pomupatsa, monga ndinaphunzitsidwira kuyambira ndili kwathu. Azakhali sanataye mpata umenewo. Anamufotokozera kuti kwathu mwana wamkazi amagwada kambirimbiri pa tsiku, polonjera, popereka chakudya, polankhula ndi akulu, ndipo mawondo a atsikana onse a ku Malawi ndi otero. Mayiyo anagwedeza mutu n'kulemba. Ndinaona kuti zamusangalatsa, waphunzira kanthu katsopano. Akanangowerama n'kuyang'ana, akanaona kuti kapeti sabowola khungu timabowo ting'onoting'ono. Sanawerame. Ankaopa kunyoza chikhalidwe cha eni ake.

Chingelezi ndinkachimva ndithu, miyezi isanu ndi itatu ya sukulu inali itandikwanira. Koma azakhali anati mwanayu sachidziwa, ndiye mayiyo anaimba foni ku kampani yomasulira n'kuika foni patebulo kuti tonse tizimva. Anapempha azakhali kuti apite kukhitchini, kumene kunalibe chitseko. Mawu amene anatuluka m'foni ndinawazindikira asanamalize moni. Olankhula Chichewa kuno si ambiri, ndipo omasulira ndi ochepa kwambiri. Anali bambo amene ankatsogolera nyimbo ku tchalitchi kwathu.

Mayiyo anafunsa ngati alipo amene amandipweteka pakhomo pano. Bambo aja anamasulira funsolo bwinobwino, kenaka anapitiriza ndi mawu ofatsa omwewo, ngati likadali funso lomwelo:

"Iwe mwana, uganize bwino. Munthu wakuchotsa ku fumbi, lero ukufuna akagone kundende? Nanga iwe upita kuti? Adzakupereka kwa azungu osakudziwa. Zapakhomo sitiulula kwa alendo."

Ndinati ndili bwino. Zimenezo anamasulira mokhulupirika.

Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinawaimbira ndekha a boma aja, pa foni ya kusukulu, m'Chingelezi chosasowa womasulira. Anabwera mayi wina, wotopa, atanyamula mafayilo ambiri. Anali atawerenga zimene mnzake analemba, ndipo anafika akudziwa kale kuti nkhani yake ndi ya chikhalidwe ndi mtsikana amene wayamba kutha msinkhu. Anawasiyira azakhali kapepala ka malangizo a kaleredwe ka achinyamata. Azakhali anakamata pa firiji ndi maginito, ndipo kanakhala pamenepo zaka zitatu. Zimene zinandichitikira galimoto yake itangokhota sindizilemba.

Ndinachoka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu ndinaisiyira m'giredi 11, kutatsala chaka chimodzi kuti ndimalize sekondale. Ndinapeza ntchito yolongedza makatoni ku Springfield ndi kachipinda ka lendi ku Woodbridge, ndipo kwa zaka zisanu sindinaponde pakhomo paja kapena ku tchalitchi. Palibe anandifunafuna.

Amene anandiimbira anali mayi abusa, mkazi wa m'busa wa tchalitchi chija. Anati mami ako akudwala, khansa ya m'mimba yafika m'mafupa, achipatala awabweza kunyumba. Anati pa mapepala onse mwana ndine, ndiye ndibwere. Ndinapempha tchuthi cha mlungu umodzi n'kuyendetsa galimoto ola ndi theka mumsewu wa I-95. Sindinapite chifukwa cha chisoni. Ndinkafuna kuwaona atachepa.

Anali atachepadi. Bedi la chipatala analiika pabalaza, ndipo munthu amene ndinkamuopa kuposa Mulungu anali kamtolo ka mafupa m'bulangete. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndanenepa.

Achipatala anawalembetsa ku hosipisi. Limenelo ndi gulu la anamwino amene amasamalira munthu madokotala akanena kuti sachira. Sachiritsa. Ntchito yawo ndi yoti munthu afe ali woyera, wosamva ululu. Amayi a mpingo sankalikonda dzina limenelo, ankati ndi kutaya chikhulupiriro. Nesi wake anali mayi wamfupi, wakuda, wobadwira konkuno, wa imvi za m'mbali, wosaseka pachabe. Ankabwera katatu pa mlungu. Tsiku limene ndinafika anabweretsa kabotolo ka mofini wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, n'kufunsa kuti asunge ndani.

Pabalaza panali amayi anayi. Onse anayang'ana pansi. Mayi abusa anandikokera pakhonde.

"Mwanawe, mankhwala awa ndi olemera," anatero. "Ife sitingawagwire. Mawa akatisiya, uthenga udzafika kumudzi kuti anawamaliza ndi uje, ndiye amene anawamwetsa komaliza. Iwe ndiwe mwana. Mwana palibe angamunene."

Mayi amenewa ankadziwa zonse. Tsiku lina ndili wamng'ono anandipeza m'chimbudzi cha ku holo ndikutsuka mawondo, ndipo Lamlungu lotsatira anandibweretsera mafuta odzola. Ankadziwa, komabe anasankha kundipatsa ine botolo kusiyana n'kuti dzina lawo litchulidwe pa maliro. Ndinalandira ndi manja awiri.

Nesi anandiphunzitsa. Kukoka mankhwala ndi kajakisoni kopanda singano mpaka pa mzere, kuthira m'tsaya pang'onopang'ono, maola anayi alionse, n'kulemba nthawi papepala limene analimata pakhoma. Anandiuza kuti ndisadikire ululu ufike, chifukwa ukafika umavuta kuubweza. Ndinamvetsera bwino kwambiri.

Amayi a mpingo ankabwera m'mamawa asanapite ku ntchito, n'kubweranso madzulo kudzapemphera. Nthawi zimenezo ndinkawamwetsa azakhali onse akuona, ndipo ankandiyamikira. Kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko tinkatsala awiri. Mlingo wa 10 koloko ndi wa 2 koloko ndinkaukoka mpaka pa mzere, kupita nawo kukhitchini, n'kuuthira musinki. Ndikatero ndinkalemba nthawi papepala. Botolo linkatsika monga liyenera kutsikira.

Sindinkalibisa. Ndinkaliika pamwamba pa TV, pamene azakhali ankaliona osatembenuza khosi. Iwo anagwira ntchito ndi anthu oyandikira imfa zaka makumi awiri, ankadziwa mlingo wake ndi nthawi yake kuposa ine. Tsiku loyamba lomwe anamva madzi akutuluka pa mpopi ndipo anadziwa. Ankayang'ana wotchi, kenaka botolo, kenaka denga.

Ululu wa m'mafupa sufika mwadzidzidzi. Cha m'ma 11 ankayamba kusuntha miyendo. Ikamakwana 12 thukuta linali litanyowetsa pilo. Ikamakwana 1 ankatulutsa kamawu ka m'mphuno ndi mpweya uliwonse, ngati galu wotsekeredwa kunja. Ine ndinkakhala pa sofa ndi foni yanga, kudya tchipisi. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma. Sindinamve kukoma, koma sindinamvenso chondiletsa.

Tsiku lachiwiri anandiitana kuti iwe, ndipo anandilamula kuti ndibweretse botolo. Ndinawauza kuti nthawi sinakwane. Anati ndine mfiti ngati mayi anga. Ndinakweza TV.

Tsiku lachitatu anasintha.

"Mwanangu," anatero. "Chonde."

"Mwati chiyani, mami? Sindikumva."

Anabwereza. Ndinawabwerezetsa katatu. Kenaka ndinapita kukatenthetsa chakudya changa.

Madzulo amayi akabwera, azakhali akanatha kunena. Anali ndi pakamwa. Koma kunena kukanatanthauza kuvomera pamaso pa amayi amene ankawatsogolera kuti mwana amene anamulera akuwazunza, ndipo wina akanafunsa chifukwa chake, kapena choipa koposa, palibe akanafunsa. Ankangoti tsiku layenda bwino, Ambuye ndi abwino. Amayi ankaimba, ine n'kuwamwetsa wa madzulo, nkhope yawo n'kumasuka nyimbo isanathe. Mayi abusa ankati taonani mphamvu ya pemphero.

Nesi anabwera Lachitatu m'mawa monga mwa pulogalamu, mlingo wa m'mamawa ukadali kugwira ntchito. Anawapima, anawatembenuza, anayang'ana pepala. Anaona kuti milomo yalumidwa mkati mpaka kutuluka magazi, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anachoka. Lachinayi silinali tsiku lake. Anagogoda 1 koloko masana, osaimba foni.

Anawapeza ali pakati pa kamawu kaja. Anawafunsa kuti ululu uli pati, kuyambira pa ziro mpaka pa teni. Azakhali anati uli pa thu, ali bwino. Nesi sanalembe zimenezo. Anavundukula bulangete n'kuona zala za kumapazi zitapindika, anagwira dzanja limene linafinya shiti, anawerenga mpweya akuyang'ana wotchi yake. Anawerenga pepala la pakhoma. Ananyamula botolo n'kuliyang'anitsa pa windo. Zonse zinkagwirizana. Kenaka anakoka mankhwala yekha, mlingo womwewo, anawathira m'tsaya, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi.

Anakhala pamenepo theka la ola. Ine ndinaima pakhomo la khitchini. Tonse tinaonerera dzanja lija likutambasuka chala chimodzichimodzi mpaka azakhali anagona, kukamwa kuli yasa. Nesi anawafunditsa, anaika botolo m'chikwama chake, n'kundiuza kuti timuperekeze ku galimoto.

Tinakhala m'galimoto mwake, mawindo otseka. Munkanunkha khofi ndi magolovesi. Analankhula m'Chingelezi, mosakweza mawu. Anati dzulo atachoka anatsala pang'ono kuimbira dokotala kuti awonjezere mlingo, chifukwa pepala linkasonyeza kuti wodwala akumwa zonse koma ululu sukutha. Akanawonjezera, ndiye tsiku lina wina n'kuwamwetsa zonse monga mwalembedwera, thupi losazolowera likanalandira zimene silingathe. Anati mankhwala angogwira ntchito m'maso mwathu, choncho vuto si mankhwala. Anandifunsa kuti ndawadumphitsa kangati.

Ndinamuuza. Kawiri pa tsiku, masiku anayi. Kenaka ndinapsa mtima. Ndinapinda thalauzi mpaka pamwamba pa mawondo n'kuika phazi pa dashibodi. Ndinamuuza za mpunga, za waya, za mayi wovula nsapato, za bambo wa nyimbo. Ndinatukwana kwambiri. Anavala magalasi ake, anawerama, n'kuyang'ana mawondo anga onse awiri mmene anayang'anira milomo ija. Anali munthu woyamba wa yunifomu kuchita zimenezo, patatha zaka khumi ndi chimodzi.

"Anakulakwira," anatero. "Amene anatumidwa kudzakuona aja anakulakwiranso. Zimenezo ndazimva ndipo ndazikhulupirira. Koma wodwala wanga ndi amene wagona m'nyumbamo, ndipo sadzamvanso ululu umene ine ndingathe kuuletsa. Botolo sulionanso."

Ndinamufunsa ngati andinenera. Anati inde, lero lomwe, ndipo akundiuza pamaso kuti ndisadzamvere kwa wina. Anati sanayenera kusiya botolo m'manja mwa munthu asanamufunse ali yekha ngati akulifuna, ndipo cholakwa chimenecho ndi chake, achilembanso. Anandifunsa ngati ndadya. Ndinamuuza kuti asandinyengerere. Anati chabwino.

Sanachoke. Anaimba mafoni ali pakhonde, ndipo pofika madzulo kunabwera nesi wina wodzakhala mpaka m'mawa. Amayi a mpingo anauzidwa kuti matenda afika pofuna anamwino okhaokha. Mitima yawo inakhala pansi, ndipo mayi abusa anandisisita paphewa kuti ndagwira ntchito yaikulu.

M'mawa mwake kunabwera bambo wa ku boma, wa nthambi yoteteza okalamba ndi odwala. Tsiku limodzi lokha chinenereni. Sanaimbe foni. Sanavule nsapato. Anatulutsa aliyense, anatseka chitseko, n'kulankhula ndi azakhali ali awiri, popanda womasulira. Ndinaima panja ndikuwerenga zonsezi chimodzichimodzi. Boma lomwelo, misonkho yomweyo. Zikuoneka kuti amadziwa kagwiridwe ka ntchito, kungoti munthu uyambe wafika pa bedi la imfa.

Azakhali anakana zonse. Anati nesi wasokoneza, mwana wawo ndi wabwino, sanadumphitsepo ngakhale kamodzi. Bambo uja anandiuza zimenezi potuluka, akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndilire. Wina angaganize kuti azakhali anandikhululukira, kapena ankapepesa m'njira yawo. Ine ndimawadziwa. Ankateteza dzina lawo. Bamboyo anandifunsa mafunso, ndinayankha zoona, analemba, ndipo anati popeza wodwala akuchoka m'manja mwanga, aona ngati pali china chofunika. Sindinamvenso za iye.

Loweruka anawasamutsira ku nyumba ya hosipisi, kanyumba ka njerwa ka zipinda khumi, kuseri kwa mitengo. Ine ndinabwerera ku makatoni anga. Ndinapitako kamodzi, Lachiwiri masana, ndisanalowe shifiti. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina kuona ngati akuwasamaladi.

Ankawasamala. Anali atawasambitsa, atawadzoza mafuta, tsitsi atalipesa n'kuliluka mizere iwiri. Pansi pa khungu la pamkono anaikapo kachubu, ndipo kamakina kankalowetsa mankhwala kokha, kosadikira kuti wina akhale ndi mtima wabwino tsiku limenelo. Mapilo anawaika pakati pa miyendo kuti mafupa asakhudzane. Mtsikana wina wa yunifomu analowa kudzawatembenuza, ndipo ankawauza chilichonse asanawagwire, ngakhale anali m'tulo. Sankadziwa kuti munthuyu anali ndani kapena anachita chiyani. Nesi wamfupi uja ankadziwa, ndipo ndinamupeza mukhonde akufunsa anzake ngati usiku unadutsa popanda kubuula.

Anthu amenewo sindiwakonda, chifukwa anandilanda chinthu chokhacho chimene ndinakhalapo nacho pa azakhali. Koma ndikadzamva kuti ndikufa, ndidzapempha kuti andipititse kwa iwo, osati kwa achibale. Ndipo ndikudziwa kuti akanachedwa mlungu wina umodzi, ndikanayamba kuthira musinki ndi wa madzulo womwe.

Ndinakhala pa mpando mphindi makumi awiri. Azakhali anatsegula maso n'kundipeza. Sanadabwe. Milomo yawo inali youma, ndipo pa tebulo panali kapu ya madzi ndi timitengo ta siponji tonyowetsera pakamwa. Anayang'ana kapuyo, kenaka ine.

"Madzi," anatero.

Kapu inali pafupi ndi dzanja langa. Ndinaiyang'ana. Sindinathe kuwapatsa, ndipo sindinafunenso kukhala pamenepo n'kumawaonerera akuifuna. Ndinadina belu la pambali pa bedi. Mtsikana uja analowa ndisanachotse chala, anaviika kasiponji, n'kuyamba kuwanyowetsa milomo akuwalankhula pang'onopang'ono. Ndinatenga makiyi anga n'kutuluka, chifukwa msewu wa ku Springfield ukadutsa 2 koloko suyenda.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, ali m'tulo. Anandiimbira ndi nesi wamfupi uja. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anamva ululu. Anati ayi.